Ku Misasa ya Amisiri, Tsidya la Mlatho wa Lilongwe

Munthu wofika ku Lilongwe kuchokera ku Likuni, msewu umamdutsitsa pa Chinsapo, numtsitsa pang'onopang'ono kufikira ku mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe. Mtsinje umenewu umachokera ku mapiri a Dzalanyama, ndipo nthawi ya chilimwe madzi ake ndi ochepa ndi akuda, kotero kuti mlendo sangaganize msanga kuti ndiwo udapatsa dzina mzinda waukulu wa dziko lino. Likulu la boma lidasamukira kuno kuchokera ku Zomba m'chaka cha 1975, ndipo nyumba zazikulu za boma adazimanga kutali, cha kumpoto, pakati pa mitengo; koma malonda a anthu wamba sadasamuke ai. Adatsala pomwe adali kale, tsidya lija la mlatho, pamene pali msika waukulu, depoti ya mabasi, mzikiti, masitolo a Amwenye ndi msewu wa Malangalanga.

Ife tidapita kumeneko m'mwezi wa October, dzuwa liri paliwombo, fumbi liri koboo, pofuna kufunsa za kanthu kamene kalikusautsa mabanja ambiri, ngakhale sakatchula pa bwalo. M'nyumba zambiri muli makina oimba zimbale za CD, aja adabwera nao mwana kuchokera ku Johannesburg, kapena aja adagula bambo atagulitsa fodya chaka china chabwino. Kale adali kukometsa nyumba pa Khirisimasi ndi pa zinkhoswe. Lero mukaikamo chimbale angochizunguza pang'ono, nagogoda kawiri katatu, nakhala chete. Bambo ati tigule ena. Mai ati ndalama ziripozi ndi za fizi ndi za feteleza. Ndipo pakuti sagwirizana, makinawo amangofundidwa nsalu pamwamba pa kabati, zaka nkumapita. Kodi nkwabwino kuwakonzetsa, kapena kuwataya ndi kufuna ena? Ndilo funso tidasenza powoloka mlatho.

Amisiri amene tidali kuwafuna sapezeka m'mbali mwa msewu. Malo abwino a kutsogolo adatengedwa ndi anyamata okonza mafoni, amene tebulo lao ndi laling'ono koma anthu owadzera ndi ambiri. Kuti mupeze odziwa za mawailesi ndi za makina a zimbale, muyenera kulowa m'tinjira topanikiza, kupitirira ogulitsa mabauti, mapaipi ndi zitsulo za njinga, kulumpha ngalande, ndi kufunsa kawiri kapena katatu, pakuti safunsa adadya phula. Potsiriza mudzaona msasa wa matabwa ndi malata. M'kati mwake mawailesi akufa ataunjikana kufikira ku denga, masipika ong'ambika atapachikidwa pa misomali, ndi bambo wa imvi atawerama pa tebulo, chitsulo chowotcherera chiri m'dzanja, kautsi ka mtovu kalikukwera pamaso pake. Ena a amisiri otere adaphunzira ntchito pa mawailesi a Nzeru, amene adali kupangidwa ku Blantyre, napitirira pa makaseti, nadzafika pa ma CD. Ntchito yao yasintha katatu iwo ali pa mpando womwewo.

Tisanamve za matenda, tiyambe tadziwa wodwalayo. Makolo athu adaidziwa galamafoni yopukusa ndi dzanja, imene singano yake idali kuyenda m'mizere ya chimbale chakuda. Singanoyo ikabuntha, munthu adali kuiona ndi maso ake, naichotsa, naikapo ina. Makina a CD ndi a mtundu wina. Adawapanga makampani awiri mothandizana, Philips ya ku Netherlands ndi Sony ya ku Japan, amene adamvana za miyeso yake m'chaka cha 1980. Ndipo makina otchedwa Sony CDP-101 adayamba kugulitsidwa ku Japan pa 1 October 1982. Chimbale chake ndi cha masentimita 12 m'mimba mwake, ndipo poyamba chidali kusunga nyimbo za mphindi 74. Palibe singano yochikhudza ai. Nyimbo zimalembedwa ngati timaenje tating'onoting'ono totsatana pa mzere umodzi wokha, umene umayambira pakati nuzungulira kunka kunja, monga mzere wa pa chigoba cha nkhono. Mzere umenewo mutautambasula ungapitirire makilomita 5, ndipo ndi woonda kotero kuti tsitsi limodzi la munthu likhoza kuphimba mizere yoposa 30 yoyandikana.

Chowerenga timaenjeto ndi kuwala kwa laser, kochokera m'kachipangizo kamene amisiri amakatcha diso kapena lenzi. Kuwalako kumagunda pa chimbale nkubwerera, ndipo makina amasandutsa kubwererako manambala, manambalawo nkuwasandutsanso mau: pa sekondi iriyonse ya nyimbo pali miyeso 44,100 ya sipika ya kumanja, ndi inanso yochuluka chimodzimodzi ya kumanzere. Chimbale chimazungulira pafupifupi ka 500 pa mphindi pamene diso liri pakati, nichepetsa liwiro kufikira ngati ka 200 likafika kumphepete. Ndipo nthawi yonseyo disolo liyenera kukwera ndi kutsika, kupendekera uku ndi uko, kuti lisataye mzere wake. Taganizani munthu wolondola mapazi a nyerere ali pa njinga yothamanga! Tsono sitidabwa kuti kafumbi kochepa kamasokoneza makina otere. Chodabwitsa ndi chakuti amagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba zathu, momwe utsi wa nkhuni ndi fumbi la pabwalo zimalowa osaodira.

Pamene tidafika, mmisiri adali kulandira mai wina wochokera ku Mitundu, amene adabwera ndi makina ake atawakulunga m'chitenje. Mkuluyo sadathamangire kumasula mabauti ai. Adayamba wafunsa, monga amachitira sing'anga wabwino. "Amai, tandiuzani, kodi adangoleka tsiku limodzi, kapena adayamba ndi kusankha zimbale? Nanga kunali mvula ya ziphaliwali?" Ife tidaona kuti mafunso awiriwa ndiwo mutu wa ntchito yonse, ndipo inu awerengi athu mukhoza kudzifunsa nokha muli kunyumba, musanaononge ndalama ya minibasi.

Matenda ambiri a makinawa ndi aang'ono, ndipo ichi ndicho chimene anthu ambiri sadziwa. Thireyi imene imatuluka ndi kulowa ndi chimbale ikakana kutuluka, kapena ikatuluka mwaulesi mpaka mwaithandiza ndi chala, kawirikawiri cholakwa ndi kalamba ka mphira kamene kamakoka magudumu ake. Mphira ukakalamba umatambasuka nuterereka. Mmisiri angochotsa kalambako, naikapo kena, ntchito nkutha tiyi asanazizire. Makina akamati mulibe chimbale pamene chirimo, choyamba kuchiganizira ndi fumbi pa diso. Alipukuta mosamala ndi kathonje konyowetsa ndi sipiliti, osakanikiza, pakuti disolo limalendewera pa timawaya tosalimba. Akamadumpha nyimbo, makamaka zakumapeto, mwina mafuta a pa kanjanji kamene diso limayendapo adauma nagwira fumbi, kotero kuti diso lilephera kufika kumphepete. Ndipo tisachite manyazi kutchula mphemvu, zimene zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina, nizisiya zonyansa zao pa mawaya. Mmisiri adationetsa makina ena amene matenda ao onse adali amenewa basi. Palinso china chosafuna mmisiri konse: m'mamawa wa June kapena July, makina ozizira akalowetsedwa m'chipinda chofunda, diso limachita nkhungu ngati galasi limene mwaliuzira mpweya. Asiyeni oyatsa kwa ola limodzi, adzachira okha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Zonsezi ndi zoyenera kukonzetsa popanda kukayika. Munthu wotaya makina abwino chifukwa cha kalamba ka mphira afanana ndi wotaya njinga chifukwa tcheni chagwa.

Koma liripo vuto lina lalikulu, ndilo kukalamba kwa diso lenilenilo. Kuwala kwa laser kumachepa mphamvu pang'onopang'ono ndi zaka za ntchito, monga maso a agogo, ndipo kupukuta sikungathandize. Chizindikiro chake nchodziwika. Makina amayamba kukana zimbale zojambulira pa kompyuta, zija zotchedwa CD-R, pamene zimbale za ku fakitale alikuziimbabe; pakuti zojambulirazo sizibweza kuwala kwambiri, ndipo diso lofooka ndizo limayamba kulephera kuziona. Pambuyo pake amachedwa kupeza nyimbo yoyamba, kenaka amakana zonse. Apa mpomvetsa chisoni ndithu, chifukwa zimbale zimene makina amayamba kukanazo ndizo zathu zenizeni: za kwaya ya kwathu, za ukwati wa mwana, za oimba a m'dera lathu amene sadafike ku mafakitale a kunja. Ambiri amaganiza kuti chimbale ndicho chaonongeka, nachitaya, pamene wodwala ndi makina.

Diso lotere amalisintha lathunthu. Pa mbali pake pamakhala nambala, ndipo mmisiri amafuna lina la nambala yomweyo. Mwayi ndi wakuti makampani ambiri sadali kupanga maso ao, koma adali kugula kwa opanga owerengeka monga Sony, Philips ndi Sanyo. Chifukwa chake diso la mtundu wa KSS-213 la Sony limapezeka m'makina a maina osiyanasiyana, ndipo silivuta kwambiri kulipeza. Komatu ambiri a maso ogulitsidwa lero ndi ofanizira chabe, ena abwino, ena osakhalitsa. Ndipo a makina ena akale sapezekanso konse, koma kuwazula m'makina ena akufa. Apa mpamene tidazindikira ntchito ya mulu uja wofika ku denga: kwa ife udaoneka ngati dzala, koma kwa mwini wake ndi nkhokwe. Adatiuzanso kanthu kena kosangalatsa. Diso latsopano limabwera litatsekedwa ndi kadontho ka mtovu, kolitchinjiriza ku timagetsi ta m'thupi la munthu wolinyamula, ndipo mmisiri ayenera kusungunula kadonthoko akatha kulilumikiza. Wosadziwa amaika diso labwinobwino, naona kuti silikuwala, nati adamgulitsa lakufa.

Pano tiyenera kuchenjeza. Pa diso pali kowongolera mphamvu kakang'ono, kamene munthu akhoza kukapotoza ndi sikuludalaivala. Akakapotoza, diso lokalamba limawala kwambiri, ndipo makina amaimba bwino pamaso panu, inu nkulipira mokondwa. Koma kuteroko kuli ngati kukwapula ng'ombe yotopa kuti ikoke ngolo, pakuti laser yokakamizidwa imafa msanga. Sitikuti kuchita zimenezi ndi kuba nthawi zonse ai. Mmisiri woona amakuuzani poyera kuti wangokuonjezerani miyezi yowerengeka, ndipo salipiritsa ngati waika diso latsopano. Choipa ndi kubisa. Chifukwa chake pemphani kuti chipangizo chakale chimene achotsa akupatseni m'manja. Ndipo ana a sukulu amene amakonda kutsegula zinthu auzeni kuti asasuzumire m'diso makina ali oyaka, pakuti kuwala kwake sikuoneka bwino ndi maso koma kukhoza kuvulaza. Ndiponso m'kati muli mbali zosunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Funso lachiwiri lija, la ziphaliwali, ndi la makina amene adangofa tsiku limodzi, osayatsa ngakhale kanyali. Mphezi ikagwa pafupi, kapena magetsi akazima nabweranso mwamphamvu, chimene chimapsa mwina ndi fyuzi yokha, ndipo pamenepo mwapulumuka. Mwina ndi thiransifoma, imene ikhoza kusinthidwa. Koma moto ukafika pa timabongo takuda ta miyendo yambiri tija, kawirikawiri palibenso chochita. Tikumbutsenso amene amalandira katundu wochokera kunja kuti magetsi a dziko lino ndi a mavoti 230, monga a ku South Africa ndi ku Britain, pamene a ku Japan ndi a 100 ndipo a ku America ndi a 120. Makina opangidwira maiko awiri otsirizawa mukawalumikiza molunjika ku khoma, adzaimba kamodzi kokha, ndipo nyimbo yake idzakhala utsi.

Tsono diso likafa, kapena thiransifoma ikapsa, tichite chiyani? Apa mpamene mabanja amatsutsana, ndipo ife maganizo athu ndi awa. Yambani mwawanyamula makinawo. Akakhala olemera, a chikopa cha chitsulo, oima paokha ndi kulumikizidwa ndi mawaya ku ampulifaya, ndiye kuti adapangidwa mosaumira. Mbali zao zosandutsa manambala kukhala mau sizitha msanga, ndipo kuwagulira diso lina nkoyenera ngati lipezeka. Akakhala opepuka ngati chitete, a pulasitiki yokhayokha, magudumu ao atayamba kale kuthothoka mano, mudzakonza ichi lero, mawa chithyoka china, ndipo ndalama zanu zidzathera pa mlatho. Kumbukiraninso kuti kugula ena sikophweka monga kudaliri kale. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse m'mwezi wa November 2023, ndipo katundu aliyense wochokera kunja adakwera mtengo. Tidayenda m'masitolo angapo a tsidya limenelo. Zimene zidadzaza mashelefu ndi masipika oimba kuchokera ku foni ndi ku fulashi, ambiri a iwo opanda ndi pomwe poika chimbale. Makina a CD ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku maiko a kunja, alipo ndithu, ndipo ena ndi okongola. Koma diso lao likhoza kukhala la msinkhu umodzi ndi lanu lomwe lafalo, ndipo mukhoza kungosinthanitsa nkhalamba ndi nkhalamba inzake, nkuonjezerapo ndalama.

Iriponso njira yachitatu, imene mmisiri adailangiza mai wa ku Mitundu uja, ndipo ife tidaiona kuti ndi yanzeru. Makina ake adali a mtundu uja wophatikiza zonse m'bokosi limodzi: wailesi, makaseti, CD ndi ampulifaya, ndi masipika awiri aakulu. Diso lake lidali litafa, ndipo la nambala imeneyo silidapezeke. Koma zina zonse zidali zamoyo, ndipo masipika adali abwino koposa ambiri ogulitsidwa lero. Kumbuyo kwa makina otere kumakhala timabowo tiwiri, kofiira ndi koyera, tolembedwa AUX. Makina a DVD, amene adayamba ku Japan m'chaka cha 1996 ndipo ndi osavuta kuwapeza, amaimbanso zimbale za CD. Mukawalumikiza ndi waya pa timabowo timeneto, nyimbo zimatulukira m'masipika anu akale omwe aja. Foni nayonso imalowera pomwepo. Maiyo sadakonzetse diso, sadatayenso makina ake. Adangogula waya, nati makina a DVD adzabwereka kwa mlamu wake kufikira atakolola soya.

Amene mwatsimikiza kukonzetsa, mvanani ndi mmisiri poyamba za mtengo wongoyang'ana, ndipo mumuuze kuti asagule chipangizo chirichonse asanakudziwitseni. Pokatenga makina, nyamulani zimbale zanu za kunyumba, china cha ku fakitale, china chojambulira, ndipo muyese nyimbo yoyamba ndi yotsiriza yomwe musanatulutse ndalama. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya nazo zimenezi. Amene tidacheza nayeyo ndiye adayamba kutiuza.

Poyang'ana mulu wa makina akufa uja tidakumbukira kuti nkhaniyi si ya kwathu kokha. Mabungwe a United Nations adawerengera kuti m'chaka cha 2022 dziko lonse lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zipangizo za magetsi, ndi kuti zosakwana gawo limodzi mwa magawo anai ndizo zidasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo. Ku Amsterdam, m'chaka cha 2009, mai wina wotchedwa Martine Postma adayambitsa misonkhano yotchedwa Repair Café, kumene anthu amabwera ndi zinthu zao zoonongeka kuti odziwa awathandize kuzikonza. Ndipo mwambowo udafalikira ku maiko ambiri. Tidamwetulira poganiza kuti Azungu alikuphunziranso ndi misonkhano chimene bambo wa imviyu sadalekepo chiyambire unyamata wake. Koma chotidetsa nkhawa chiripo: pa msasa wake sitidaonepo mnyamata wophunzira ntchito. Onse ali kutsogolo kuja, ku mafoni.

Kanthu kotsiriza kamene adatiuza ndi ka zimbale zenizenizo, ndipo tidaona kuti nkofunika koposa makina. Ambiri timasamala mbali yonyezimira ya chimbale, nkumachigoneka chafufumimba pa tebulo; koma timaenje ta nyimbo tiri pafupi kwambiri ndi mbali ya pamwamba, pansi penipeni pa zolembedwa. Kukalika kwa pansi makina akhoza kukupirira, ndipo nthawi zina kumafafanizika. Kukalika kwa pamwamba kumachotsa nyimbo kotheratu. Popukuta chimbale yambirani pakati kunka kumphepete, osati mozungulira ai, pakuti kukalika kotsata mzere ndiko kumasokoneza diso koposa. Zimbale zojambulira zimaopanso dzuwa ndi kutentha, chifukwa nyimbo zake zimalembedwa pa utoto umene umafwifwa. Chimbale chosiyidwa pa windo kapena m'galimoto mwezi wa October chikhoza kufa chikuoneka chatsopano. Makina ena adzapezeka, ngakhale movutikira. Koma chimbale chimene muli mau a malemu agogo akulangiza pa ukwati, kapena kwaya imene theka la oimba ake lidatsogola kale, sichigulitsidwa m'sitolo iriyonse ya pa Malangalanga. Pafupi ndi depoti pali anyamata a makompyuta amene akhoza kukopera chimbale chotere pa fulashi m'mphindi zochepa. Auzeni akopere malo awiri, china musunge inu, china chikakhale kwa mbale wa kumudzi wina. Ndipo chimbale chanucho mubwerere nacho tsiku lomwelo, musachisiye kuti mudzachitenga mawa.